Chipewa chikuti Pembroke, koma sitimayo sikupezeka

MAFUNSO ANU PA MBIRI YA BANJA

Makalata a mwezi uno onse akukamba za zithunzi zakale za makolo ovala yunifolomu yapamadzi. Ndawafupikitsa pang'ono ndipo mayina ndachotsamo.

FUNSO: Zikomo bambo. Mayi anga atamwalira chaka chatha, m'sutukesi mwawo tinapezamo chithunzi cha agogo awo aamuna, omwe anali Mngelezi. Aima mu situdiyo, dzanja limodzi lili pampando, avala malaya akuda a kolala yaikulu ya mizere itatu yoyera. Pachipewa palembedwa H.M.S. PEMBROKE. Kumbuyo kwa chithunzicho kuli ngati positikhadi, ndipo pakona pali chilembo K ndi manambala asanu a pensulo omwe ayamba kufufutika. M'banja mwathu timangomva kuti anali kaputeni wa sitima ya Pembroke pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Ndafufuza pa intaneti koma sitima yankhondo yotereyi sindikuipeza. Kodi anatinamiza? — Mayi wa ana atatu

YANKHO: Pepani ndi maliro, mayi. Sanakunamizeni ayi, kungoti nkhaniyi inanenepa podutsa m'kamwa mwa mibadwo itatu. Sitimayo simukuipeza chifukwa mukuisaka panyanja pomwe ili pamtunda. M'masiku a agogowo, H.M.S. Pembroke linali dzina la kampu ya asilikali apamadzi ku Chatham, m'chigawo cha Kent ku England: nyumba za njerwa, bwalo la perete, chipata cha alonda. Inatsegulidwa mu 1903 n'kutsekedwa mu 1984. Malamulo a Royal Navy, gulu lankhondo lapamadzi la Britain, ankafuna kuti munthu aliyense akhale wolembedwa m'mabuku a sitima inayake, popeza malipiro ake, chakudya chake ndi milandu yake zonse zinkayendera m'mabuku amenewo. N'chifukwa chake makampu apamtunda nawonso ankapatsidwa mayina a sitima. Ya ku Portsmouth inali Victory, ya ku Devonport inali Vivid mpaka inasinthidwa kukhala Drake mu 1934, ndipo anyamata ang'onoang'ono ambiri ankaphunzirira ku Ganges, ku Shotley.

Mayina amenewa ndi omwe ndimawaona kwambiri pazipewa za m'zithunzi, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. Mnyamata akangolandira yunifolomu ankathamangira ku situdiyo ya m'tauni kukajambulitsa kuti atumizire mayi ake kapena chibwenzi. Nthawi imeneyo n'kuti asanaponde sitima. Choncho chipewacho chikungokuuzani kumene agogowo anali tsiku lojambulitsalo, basi. Zaka zina zonse za ntchito yawo sizili pamenepo.

Za ukaputenizo ndiye ndikukhumudwitsani. Mabwana ankavala jekete ya mabatani a mizere iwiri, chipewa chakhonde, ndi mizere yagolide kumapeto kwa mikono ya jeketeyo. Kaputeni ankakhala nayo inayi. Kolala yaikulu ija ndi chipewa chozungulira chokhala ndi kariboni zinali za amalinyero wamba. Komatu K wanu uja ndi wamtengo wapatali kuposa nthano ya ukaputeni. Kuyambira 1908 manambala a ntchito ankayamba ndi chilembo chosonyeza nthambi ya munthu. J anali wa amalinyero apamwamba pa sitima ndi otumiza mauthenga, L wa ophikira ndi kutumikira mabwana, M wa amisiri ndi ena osiyanasiyana, ndipo K anali wa ma stoker, anthu osonkheza moto. Awa ankakhala pansi penipeni pa sitima, fosholo m'manja, kuponya malasha m'ng'anjo maola anayi osapumira, kutentha kwake kosaneneka, fumbi lili m'maso ndi m'mapapo. Sitima ikagunda bomba kapena kulasidwa ndi topido, bomba lothamanga pansi pa madzi, iwowa ndi amene ankakhala kutali kwambiri ndi potulukira. Ine mabanja amene amagwa mphwayi akamva kuti gogo wawo anali wosonkheza moto sindiwamvetsa. Popanda iwo, kaputeni ndi mizere yake inayi sakanasuntha padoko.

Nambalayo musaidutsitse cholembera kuti ioneke bwino. Zimitsani magetsi, yatsani tochi ya foni, muiwalitse chopendekera kuchokera m'mbali mwa pepalalo. Pensulo imasiya kanjira papepala ndipo imanyezimira, moti manambala ofufutika nthawi zambiri amatulukira. Kenaka tembenuzani chithunzicho muyang'ane mikono ndi galasi lokulitsa zinthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mkono wakumanja unkanyamula chizindikiro cha ntchito: pulopela kwa wosonkheza moto, mbendera ziwiri zopingasana kwa wa mauthenga, mizinga kwa wowombera. Wakumanzere unkanyamula udindo ndi khalidwe. Nangula mmodzi ndiye kuti anali wotsogolera kagulu, anangula awiri opingasana okhala ndi chisoti chachifumu pamwamba ndiye petty officer, kapitawo wa amalinyero. Mizere yooneka ngati V inali ya khalidwe labwino, ndipo m'nthawi imeneyo inkabwera pakatha zaka 3, 8 ndi 13. Mukapanda kuona kanthu musafulumire kunena kuti palibe. Payunifolomu yogwirira ntchito zizindikirozi zinali zofiira, ndipo zojambulira za masiku amenewo mtundu wofiira zinkautulutsa wakuda, ndiye unkamira m'nsalu. Zagolide za payunifolomu yatchalitchi ndi zomwe zimaoneka bwino.

Mukakhala ndi dzina ndi nambala, pitani pa webusaiti ya National Archives, nyumba yosungira zolemba zakale za boma la Britain ku Kew, London, pakatalogi yawo yotchedwa Discovery. Kaundula amene mukufuna ndi ADM 188, wa amalinyero wamba omwe analowa ntchito kuyambira m'zaka za m'ma 1800 mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920. Chomwe mudzapeze ndi tsamba limodzi lolemba pamanja. Pamwamba pali tsiku ndi malo obadwira, ntchito imene munthu ankagwira asanalowe usilikali, msinkhu, kukula kwa chifuwa, mtundu wa tsitsi ndi wa maso, zipsera ndi zodinda za pakhungu. M'munsi muli mndandanda wa sitima zonse ndi madeti ake, ndi momwe akuluakulu ankaonera khalidwe lake chaka ndi chaka. Chithunzi cha munthuyo mulibe, ngakhalenso mayina a makolo ake, choncho kugwirizanitsa tsambalo ndi agogo anu ndi ntchito yanu. Nambala ikafanana, nkhani yatha. Popanda nambala samalani kwambiri, chifukwa mayina a Chingelezi amabwerezabwereza, ndipo ndaonapo mabanja akupachika pakhoma mbiri ya munthu wa eni ake. Chaka chobadwa chikasiyana ndi chimodzi kapena ziwiri musadabwe. Anyamata ena ankadziwonjezera zaka kuti awalembe.

Mawu achidule a patsambalo amasokoneza poyamba. VG ndi khalidwe labwino kwambiri. DD ndiye kuti anamwalira ali pantchito. Run ndiye kuti anathawa. Chinanso chomwe chimazunguza anthu n'chakuti sitima zing'onozing'ono zinalibe alembi awoawo a malipiro, ndiye amalinyero ake ankalembedwa m'mabuku a kampu kapena a sitima yaikulu yoima padoko. Mukaona mayina awiri pamzere umodzi, lachiwiri lili m'mabulaketi, dziwani kuti la m'mabulaketilo ndi la sitima imene munthuyo ankagonamo.

Mukadziwa sitima zenizenizo, mabuku a ulendo a ADM 53, omwe ali komweko ku Kew, adzakuuzani kumene sitima iliyonse inali tsiku ndi tsiku, nyengo yake, ndi tsiku lomwe anapakira malasha. Mayina a amalinyero wamba satchulidwamo kawirikawiri, pokhapokha munthu akagwera m'madzi, akalangidwa kapena akamwalira. Ndipo ngati tsambalo lidzaonetse kuti agogowo anali pa Pembroke mu September 1917, musaganize kuti anali pabwino. Usiku wa pa 3 mwezi umenewo ndege za Germany zinaponya mabomba paholo ya perete momwe munagona amalinyero ambirimbiri, ndipo anthu opitirira 130 anafa.

FUNSO: Bambo, agogo awo a bambo anga anali munthu wakuda ngati ine. Akuti ali mnyamata anakafika ku Zanzibar n'kulowa ntchito pa sitima yankhondo ya Angelezi, ndipo ankakonda kusimba za sitima ya Majeremani imene inabisala mumtsinje. Tili ndi chithunzi chawo atavala zoyera zapamadzi, koma zilembo za pachipewa sizikuwerengeka. Dzina lawo ndalilemba paliponse pa intaneti, silikutuluka. Kodi anthu akuda ankalembedwa n'komwe? — Mdzukulutuvi

YANKHO: Ankalembedwa, achimwene, koma kalembedwe kake n'komwe kakuvutitsani. Royal Navy inkalemba anthu a ku Africa kuti azigwira ntchito pasitima zake za m'nyanja zotentha. A kumadzulo, ochokera kugombe la Liberia omwe ambiri ankakwerera ku Freetown, ankatchedwa Kroomen. A kum'mawa, olembedwa m'madoko monga Zanzibar ndi Aden, ankatchedwa Seedies, ndipo ena mwa oyambirira anali anthu owomboledwa m'zombo za ogulitsa akapolo. Ma Seedies anali ndi akapitawo awoawo otchedwa tindal. Ntchito zawo zinali zolemetsa zija: kupalasa mabwato pamafunde, kupakira malasha, kusonkheza moto.

Mlembi wa pasitima sankavutika n'kufunsa kuti dzina la munthu limalembedwa bwanji. Ankalemba zomwe khutu lake lamva, kapena kungopeka lake. Pakati pa ma Kroomen mumapezeka mayina achipongwe ngati Bottle of Beer ndi Prince of Wales. Kwa ma Seedies dzina limodzi lomwelo limatha kulembedwa mitundu itatu, ndipo la bambo kapena la mtundu mulibemo. Ndiye kulemba dzina la banja lanu m'bokosi lofufuzira n'kungotaya nthawi. Funsani achikulire amene atsala ngati agogowo anali ndi dzina lina lomwe ankati ndi la kuntchito, kapena lachisilamu, ngakhale likumveka loseketsa. Mulilembe momwe Mngelezi akanalimvera, ndipo poika malo obadwira muyese Zanzibar ngakhale mukudziwa kuti sanabadwire kumeneko, chifukwa doko lokwerera nthawi zambiri ndi lomwe linkalowa m'buku.

Nkhani ya mumtsinje ija musaitaye, ndi yoona ndipo ikuchepetserani ntchito. Sitimayo inali Königsberg. Pa 20 September 1914 inamiza H.M.S. Pegasus padoko la Zanzibar, kenaka inakabisala m'mathiriro a mtsinje wa Rufiji, m'dziko lomwe lero ndi Tanzania. Angelezi anaitsekera mmenemo miyezi yambiri, mpaka mu July 1915 pamene sitima ziwiri zotha kuyenda m'madzi osaya, Severn ndi Mersey, zinalowa n'kuiphwasula. Mwa sitima zomwe zinailondera munali Chatham, Weymouth ndi Hyacinth. Tsopano bwererani kuchipewa chija. Ngakhale zilembo sizikuwerengeka, werengani kuti zilipo zingati pambuyo pa H.M.S., ndipo muone ngati choyamba chili chozungulira ngati C kapena chosongoka ngati W. Mukayerekeza ndi mayina ochepawa mukhoza kutsala ndi awiri okha. Kuchoka apo sakani m'ADM 188, komanso m'mabuku a mamendulo a ADM 171, momwe ma Seedies ndi ma Kroomen amapezekamo.

Kumbuyo kwa chithunzicho muonenso ngati kuli chidindo cha wojambula. Ku Zanzibar kunali masitudiyo odziwika a anthu ochokera ku Goa, ku India, monga A. C. Gomes ndi Coutinho Brothers, ndipo chidindo chotere chingatsimikizire mbali imodzi ya nkhani ya agogo anu popanda kudalira kaundula wa Mngelezi.

Zonsezi zikakanika, ganizirani zoti mwina sitima ina imene anagwirapo inali yamalonda. Mabanja ambiri amasokoneza ziwirizi chifukwa pa nkhondo sitima za katundu nazo zinkamizidwa. Zolemba za amalinyero amalonda zili padera. Makhadi otchedwa CR10, a zaka za 1918 mpaka 1921, ali ndi kachithunzi ka mwini wake, ndipo enieniwo amasungidwa ku Southampton. Mindandanda yambiri ya ogwira ntchito pasitima zamalonda za Britain inakathera kutali, ku Maritime History Archive ya ku Memorial University mumzinda wa St John's ku Canada. Ndikuchenjezeninso kuti kusapezeka kwa dzina si umboni woti munthu sanatumikire. Bungwe loyang'anira manda a asilikali la Commonwealth War Graves Commission linavomera lokha mu 2021 kuti anthu osachepera 116,000 omwe anafa pa nkhondo yoyamba, ambiri mwa iwo a ku Africa, sanakumbukiridwe ndi mayina awo. Ngati akufa ankawasiya choncho, amoyo omwe anangolandira malipiro n'kutsika padoko ndiye bwanji?

FUNSO: Agogo anga anatisiyira mamendulo anayi opanda dzina, ndipo pachithunzi chawo chipewa changolembedwa H.M.S. popanda dzina la sitima. Mchimwene wanga akuti zonsezi n'zogula. — Wokhumudwa

YANKHO: Uzani achimwene anuwo akhazike mtima pansi. Zinthu ziwiri zomwe akuzikayikirazo ndi zomwe zikusonyeza kuti agogowo anatumikira pa nkhondo yachiwiri, pakati pa 1939 ndi 1945. Nthawi imeneyo mayina a sitima anachotsedwa pazipewa kuti akazitape asadziwe kuti padoko pafika sitima iti. Mamendulo a nkhondo yoyamba ankadindidwa dzina ndi nambala, koma a nkhondo yachiwiri boma la Britain linawapereka opanda kanthu, ankangofika m'kabokosi papositi. Werengani zomwe zalembedwa pamamendulo ooneka ngati nyenyezi. Atlantic Star, Africa Star, Burma Star ndi Pacific Star iliyonse ikuuzani dera limene munthu anamenyera.

Zolemba za anthu ambiri a nthawi imeneyi sizili m'ADM 188. Mumapempha ku Unduna wa Zachitetezo wa ku Britain kudzera pa gov.uk, mutakonzeratu dzina lonse, tsiku lobadwa, nambala ngati ilipo ndi chikalata cha imfa. Manambala ake amaoneka chonchi: P/JX, D/KX, C/MX. Chilembo choyambacho ndi doko la kwawo, P Portsmouth, D Devonport, C Chatham, ndipo LT ndi Lowestoft, kwa omwe ankagwira m'timasitima tochotsa mabomba m'nyanja. Koma musanalembere ku London, gwedezani nyumba yonse. Mlinyero akamasiya ntchito ankapatsidwa Certificate of Service, pepala lolimba ngati nsalu lolembedwa sitima zake zonse, ndipo kawirikawiri limanena zambiri kuposa zomwe undunawo ungakutumizireni. Limabisala m'Baibulo, pansi pa thiranki kapena kuseri kwa chithunzi m'felemu. Mukalipeza muone kona yake yapamwamba. Munthu akachotsedwa ntchito chifukwa cha khalidwe loipa, konayo ankaidula ndi sizasi kuti aliyense womulemba ntchito adziwiretu.

FUNSO: Chithunzi cha agogo athu chamatirira kugalasi la felemu chifukwa cha chinyezi. Mwana wanga anachijambula ndi foni n'kuchiika mu pulogalamu yokongoletsa zithunzi, chatuluka chokongola, chamitundu. Ndiye tichimatule chakalecho tikachipange lamineti? — Agogo aakazi

YANKHO: Ayi ndithu, agogo, zonse ziwirizo musayerekeze. Chithunzi chomatirira mukachikoka, nkhope imatsalira pagalasi inu n'kutsala ndi pepala loyera m'manja. Chisiyeni momwemo, galasilo likhale mbali ya chithunzicho. Pukutani kunja kokha, muchiike pafupi ndi windo pamthunzi, muchijambule popanda fulashi mutaima chapambali pang'ono kuti kuwala kusabwerere m'kamera. Lamineti ndi yoipa kwambiri chifukwa imalowetsa kutentha ndi guluu, ndipo ikamata sichotsedwanso. Selotepi nayo imasiya banga lachikasu losachoka. Zithunzi zina zomwe sizili m'felemu muzisikane pa 600 dpi, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, muzisunge m'maenvelopu apepala pamalo ouma, ndipo mayina muzilemba kumbuyo ndi pensulo yofewa, osati bolopeni.

Chokongoletsedwacho chipachikeni pabalaza ngati chikukusangalatsani, koma musachigwiritse ntchito pofufuza. Mapulogalamu amenewa sawerenga, amangopeka. Akakumana ndi zilembo zosaoneka bwino pachipewa amaumba zawo zooneka ngati zenizeni, chizindikiro cha pamkono amachisalaza, ndipo timariboni ta mamendulo amatipaka mitundu imene aganiza, pomwe mtundu wa riboni ndi womwe umasiyanitsa mendulo ina ndi inzake. Mwana wanuyo asunge chithunzi choyamba chija chomwe sichinakhudzidwe, achipatse dzina lomveka, atumizireko abale awiri kapena atatu. Aonenso ngati zilembo za pachipewa zikuwerengeka molunjika. Zithunzi zakale za pachitsulo zinkatuluka motembenuka ngati pakalilole, ndipo kamera yakutsogolo ya foni nayo nthawi zina imachita zomwezo. Zikatero mkono wakumanzere umaoneka ngati wakumanja, ndipo zizindikiro zonse mudzaziwerenga mosemphanitsa.